Ndaisiya ku Kasupe

"Ndiye mawu munawamva, koma nkhope simunaione?" anafunsa Ophelia.

"Nkhope ndikanaiona bwanji, chemwali," anayankha Chrissie, "mpanda wa bango uli pakati? Ine ndimatsuka matambula kuseri kuno, bandi ikulira kutsogoloko. Ndangomva munthu wamwamuna akuyankhula pa foni, mawu otsitsa ngati ali m'tchalitchi. Akuti, 'Ndaisiya ku Kasupe. Lero saimvera.' Basi. Wakhosomola, wapita."

"Ananena m'Chichewa?"

"Nanga mumafuna anene m'Chifalansa?"

Ophelia anamwetulira ngakhale kuti maso ankamulemera. Linali Lamulungu m'mawa, ndipo malo odyera a Chrissie, m'mphepete mwa Shire tsidya la Balaka, anali asanadzuke bwinobwino. Mipando inali chigadamire pamatebulo. Ng'oma za bandi zinali zitafunditsidwa chitenje. Pamtsinje namasupuni ankayandama pang'onopang'ono kulowera ku mlatho wa Liwonde, tizilumba tobiriwira tonyamula akakowa amene sankadziwa kumene akupita, komanso sankadandaula.

Ophelia anaphunzira za ziyankhulo zaka zinayi ku koleji ya ku Zomba, ndipo digiri yake inkapumula bwino m'sutikesi kunsi kwa bedi. Ntchito itasowa anadzipangira yake: kuonetsa alendo mzinda wakale uja ndi madera ouzungulira. Anali ndi minibasi imodzi ndi dalaivala mmodzi, Hamza, bambo wa ana awiri. Dzulo lake Hamza ananyamula achikulire atatu amene anaphunzira limodzi ku Zomba zaka pafupifupi makumi asanu zapitazo: mayi Scholastica, bambo Walter ndi bambo Festus. Anakwera nawo phiri, anawaonetsa damu la Mulunguzi ndi dzenje la Chingwe, anadya nawo nkhomaliro m'tauni, kenako anatsetsereka nawo kubwera kuno kwa Chrissie, kumene Ophelia anali atakonza mgonero ndi bandi. Mgonero utatha, mayi Scholastica anatulutsa kabokosi ka kaseti yakale ya malemu amuna awo, a Paison, kuti onse amve mawu awo. Atakatsegula, munalibe kanthu.

Apolisi anasecha zikwama za aliyense ndi minibasi yomwe, kaseti osaipeza. Apa m'pamene Chrissie anakokera pambali sajeni n'kumunong'oneza zimene anamva kuseri kwa mpanda. Ndipo poti Chrissie ndi wa ku Balaka, anawonjezera kuti Kasupe akumudziwa bwino: ndi kashopu kokonza mawailesi ndi kugula zinthu zakale pafupi ndi depoti, ndipo amene amakhala pakauntala pamenepo ndi Shafiq, mkulu wake wa Hamza. Hamza anagona m'chitokosi. Lolemba ankayenera kukaonekera kukhoti, ndipo Ophelia ankadziwa kuti dalaivala wa alendo akangoima m'bokosi pa mlandu wa kuba, kaya apezeke wolakwa kaya ayi, palibe amene amamupatsanso makiyi.

"Musandiyang'ane choncho," anatero Chrissie uku akupukuta tebulo loyera kale. "Ine ndanena zimene makutu anga anamva. Hamza ndilibe naye chifukwa. Koma ndikuuzeni zoona, chimene chinandipweteka ine dzulo si kaseti ayi."

"Ndi chiyani?"

"Nsomba yanga! A chipewa aja, a Walter, anadya mpaka mutu, kenako n'kuvina osakhala pansi chiyambire bandi mpaka apolisi kufika. Ndinkaopa kuti tiwanyamula. Amayi aja anadya mwaulemu. Koma a tayi aja, a Festus! Chambo chachikulu chonchi, ndawotcha ndekha ndi mandimu, iwo kumangochitembenuza ngati akuwerenga nyuzipepala. Akuti akhuta. Akhuta chiyani, poti chidyereni ku Zomba masana?"

Kutali pamadzi mvuu inatulutsa mphuno, inapemerera, n'kumiranso ngati yaganiza kuti za anthu sizikuikhudza.

* * *

Sajeni Mtendere anali mayi wachitsikana wochokera ku Kasungu. Anali atangotha miyezi isanu ndi umodzi kuchigwa kuno, ndipo iye ndi kutentha anali asanagwirizane.

"Shafiq ndamufunafuna," anatero akudzikupiza ndi faelo. "Shopu ndi yotseka. Akuti anapita ku Nayuchi kukatenga katundu, foni yake sikupezeka. Mng'ono wakeyu anachoka yekha ndi minibasi madzulo, akuti kukathira mafuta. Mphindi makumi anayi. Kupatsira kondakitala wa ku Balaka kaphukusi kumatenga mphindi zingati?"

"Kaseti yakale, a sajeni. Angaigule ndani?"

"Anthu amaba ngakhale chivundikiro cha poto. Mundibweretsere chinthu chogwirika dzuwa lisanalowe. Apo ayi, mawa tikumana kukhoti."

Hamza anabwera atagwira buluku ndi dzanja limodzi, poti lamba anali atamulanda, nsapato zili yasa popanda zingwe.

"Madamu, udzudzu wa muno ndi wa boma," anatero. "Suopa munthu."

"A Hamza, fotokozani ulendo kuyambira pa nkhomaliro. Musadumphe kanthu."

"Amayi aja anatulutsa kaseti patebulo kuonetsa anzawo. Ndinaiona ndi maso angawa, yakuda, yolembedwa ndi bolopeni yofiira. Anaibwezera m'kabokosi, kabokosi m'chikwama, chikwama pampando wa minibasi. Tadutsa Domasi, tadutsa Malosa, tafika pa boma la Machinga nthawi ya swala. Ndinapempha kuti ndikaswali pamzikiti wa pamsewu. Amayi anatenga kachikwama ka m'manja kokha n'kutsika ndi a Walter kukaona msika. A Festus anati bondo likuwawawa, atsala agone. Ndiye sindinakhome."

"Apolisi munawauza zimenezi?"

"Ndinawauza. Akuti madala a tayi abe kaseti ya mnzawo wakufa, akaitani? Ndipo m'matumba mwawo munalibe."

"Foni munaimba muli kwa Chrissie?"

"Ndinaimbira akazi anga, ndili m'galimoto. Komanso Madamu, ine ndi achimwene Shafiq kuyankhulana m'Chichewa? Wallahi, angaganize kuti mutu wanga wasokonekera. Ife ndi Chiyao basi, ngakhale potukwanana."

Ophelia anayang'ana sajeni. Sajeni anakweza mapewa: chiyankhulo sichilowa m'faelo.

"Posecha minibasi anapezamo chiyani?" Ophelia anafunsanso Hamza.

"Palibe. Mabotolo a madzi, mastiroberi ophwanyika a kuphiri, ndi kamba wa a Festus."

"Kamba wanji?"

"Chikondamoyo, pansi pa mpando wawo. Chokulunga m'kansalu koyera ka maluwa opeta. Pofika kuno chinali chikadali chofunda. Fungo lake linandizunza njira yonse kuchokera pa boma paja."

Ophelia anayamba kusinkhasinkha. Cha pamsika amakuikira m'jumbo kapena m'nyuzipepala. Kansalu kopeta kamachokera m'kabati ya munthu, ndipo mwini wake amayembekeza kuti kabwerera. Nanga munthu wogona tulo m'galimoto, chikondamoyo chofunda chimamupeza bwanji? Kumaloto?

Potuluka anapempha makiyi a minibasi. Kansalu kaja anakapinda bwino n'kukaika m'chikwama.

* * *

Achikulire aja anagona pa loji ina pafupi ndi mtsinje. Ophelia anawapeza mayi Scholastica pansi pa mtengo wa mango, manja pachilolo, akuyang'ana mapiri a Chikala amene ankaoneka ngati akusungunuka ndi dzuwa.

"Kasetiyo ine sindinaimvepo, mwanangu," anatero amayiwo mosathamanga. "N'chimene chikundiwawa."

"Inafika bwanji m'manja mwanu?"

"A Paison ankaimba gitala. Loweruka lililonse ankaimba pa kabala kena kumunsi kwa msika wa Zomba. Lero pamenepo amagulitsa matayala. Dzulo tinaimapo atatufe ngati zitsiru, kuyang'ana matayala. Ndiye Loweruka lina anaimba nyimbo yopeka okha, ya mlonda wa munda. Masiku amenewo ngakhale makoma anali pa ntchito. Lachiwiri anthu anabwera kudzawatenga m'kalasi. Zaka zinayi m'ndende. Atatuluka anandiuza kuti powafunsa mafunso ankawayatsira kaseti ya Loweruka lija. Ndiye kuti wina amene tinkaseka naye anali ndi kojambulira pansi pa tebulo. Gitala sanaigwirenso mpaka chaka chatha pamene anatisiya."

Tsamba louma linagwera pa phewa lawo, iwo osalichotsa.

"Mwezi wathawu mayi wina anandifunafuna. Bambo ake anali mmodzi wa ofunsa mafunso aja. Atamwalira, m'bokosi mwawo munapezeka makaseti, ina yolembedwa dzina la a Paison. Ine choimvera ndinalibe, ndipo ngakhale chikanakhalapo, ndekha sindikanatha. Ndinati ndikamvere pamodzi ndi anzawo awiri amene atsala. Ndinkangofuna kuwamva ali mnyamata, basi."

"Hamza akuti sanatenge, amayi."

"Ine sindinapemphe kuti amutsekere. Simenti ndikudziwa kuzizira kwake. Ndinakhala zaka makumi anayi ndi munthu amene ankaimvabe m'mafupa ngakhale pa matiresi."

A Festus anali m'chipinda chodyera, tayi ili pakhosi ngakhale linali Lamulungu lotentha. Ankatakasa tiyi amene sanathiremo shuga.

"Ndagwira ntchito m'boma zaka makumi atatu ndi ziwiri, mwana wanga," anatero, mawu osalala ngati owasita. "Ndinaphunzira kuti nkhani zotere timasiyira odziwa ntchito yawo."

"Ndikungofuna kumvetsa ulendo, bambo. Pamene Hamza anakaswali, inu munali kuti?"

"Pampando wanga. Bondo ili silindilola zoyendayenda. Ndinatseka maso, potsegula tinali tikuyenda."

"Palibe wamalonda amene anabwera pawindo?"

"Sindinaone munthu aliyense."

"Simunatsikeko ngakhale pang'ono?"

"Ndanena kale." Anamwetulira mokoma mtima. "Mnyamata wanuyo musamutaye. Ndi mavuto a masiku ano, manja amayabwa. Kukhoti ine ndikhoza kukamupemphera chifundo. Mawu anga akadali ndi kulemera pang'ono."

Supuni inkazungulirabe m'kapu pamene Ophelia ankatuluka.

Ophelia anawapeza a Walter pakapinga, chipewa kumutu, mapazi m'beseni la madzi ofunda.

"Bwera, mdzukulu, uone chilango cha munthu wovina ndi miyendo yobwereka!" anafuula. "Koma ulendo watikonzera! Zomba yathu ija inasamuka, koma nkhungu ndi yomweija, sinakalambe. Dzulo paphiri paja itatsika pakati pa mitengo ya paini, ndinaona Paison akutuluka, gitala kumsana. Ndinatsala pang'ono kumuitana. Anali bambo wosenza nkhuni. Eee! Masiku athu tinkachoka kudansi kukucha, wapansi kubwerera ku koleji, maluwa a jakaranda akuphulika pansi pa nsapato, phiri lili pamwamba pathu ngati mphunzitsi wamkulu amene watigwira koma sanena kanthu. Scholastica atanyamula nsapato m'manja. Festus kumbuyo, nthawi zonse kumbuyo, atanyamula jekete la wina aliyense."

"Nanga dzulo mutadya nkhomaliro?"

"Ndinawodzera. Chakudya cha pa Zomba chimabwera ndi tulo take. Ndinadzidzimukira pa Kasupe, dalaivala akupempha kuti akaswali."

Ophelia anamva ngati mtsinje waima.

"Mwati munadzidzimukira pati?"

"Pa Kasupe." A Walter anamuyang'ana, kenako anaseka. "Aa, pepa. Inu ana mumati Machinga. Ife tinakula tikuti Kasupe, ndipo lilime lokalamba silisamuka. Ukamufunse Festus, kwawo n'komweko, kuseri kwa msika. Mlongo wake Elsie alipobe. Ndinadabwa kuti sanatsike kukamulonjera. Mtsikana ameneyo ankatitumizira zikondamoyo ku koleji pa basi ya Lachisanu. Paison ankadya ziwiriziwiri, ife tikadapemphera."

Zaka zinayi zophunzira mawu, anaganiza Ophelia, ndipo lamugwetsa ndi dzina limene linafufutidwa pa zikwangwani iye asanabadwe, koma linatsalira m'kamwa mwa anthu. Chrissie anamva bwinobwino. Kungoti makutu ake anali achichepere, ndipo anathamangira ku Balaka pamene mawuwo ankaloza mbali ina. Amuna a lilime lokalamba analipo awiri okha, ndipo mmodzi anavina pamaso pa aliyense osapuma.

"Mdzukulu, wadwala? Nkhope yasintha."

"Iyayi agogo. Ndadzuka kumene."

* * *

Sajeni Mtendere anamvetsera mpaka kumapeto, anasiya kudzikupiza, anavala kapu. Awiriwo anakwera minibasi ya ku Zomba. Msewu unkakwera pang'onopang'ono kuchoka m'chigwa, migwalangwa ikutsala m'mbuyo, mapiri akuyandikira mbali zonse, ndipo mphepo yolowa pawindo inayamba kukhala ndi ulemu.

Nyumba ya mayi Elsie inali ya njerwa zootcha, maluwa ali m'zitini pakhonde. Mwini wake anali atangobwera kutchalitchi, duku likadali kumutu. Ophelia anagwada pang'ono, anapereka moni, kenako anatulutsa kansalu kaja ndi manja awiri.

"Eee, kansalu kanga!" anatero mayi Elsie. "Anadya koma? Munthu ameneyu dzulo anangolowa ngati kamvuluvulu, akuti galimoto ikudikira. Ine ndinati iyayi achimwene, zaka zitatu osaonana, pano simuchoka pakamwa pali pouma. Thobwa anamwa chiimirire, makapu awiri, ndi mbatata yomwe. Chikondamoyo ndinali nditangophula kumene, ndiye ndinawakulungira."

"Bondo linali bwanji?"

"Bondo la ndani? Achimwene amayenda ngati msilikali."

"Anakusiyirani kanthu, amayi?"

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Mayi Elsie anayang'ana yunifolomu ya sajeni ngati akuiona kumene.

"Anati ndisapatse munthu."

Sajeni anatsegula pakamwa, koma Ophelia anamutsogolera. "Amayi, pali bambo wa ana awiri amene wagona m'chitokosi chifukwa cha chinthu chimenecho. Mawa akupita kukhoti."

"Achimwene akudziwa?"

"Akudziwa. Akuti akamupemphera chifundo."

Mayi Elsie anayang'ana phiri la kuseri kwa msika. Nkhuku inadutsa pabwalo ndi anapiye ake. Kenako analowa m'nyumba, ndipo kunamveka kulira kwa chitseko cha kabati. Anatuluka ndi envulopu yakhaki yomatidwa kawiri.

"Chiyambire ubwana amandisungitsa zinthu, ine osafunsa," anatero. "Ndinkati ndiko kukhala mlongo wabwino."

* * *

Chakumadzulo, dzuwa likadali pamwamba pa migwalangwa, Chrissie anatsitsa mipando isanu ndi umodzi n'kuika patebulo wailesi ya kaseti imene anabwereka dzulo lake. Sajeni anabwera ndi Hamza, lamba ali m'chiuno, zingwe za nsapato zili m'manja. Achikulire atatu anafika pamodzi. A Festus ataona envulopu yakhaki patebulo anaima kaye, kenako anakhala pansi mosamala, osagwira bondo.

"Mayi Elsie akupereka moni," anatero Ophelia. "Kansalu kawo tawabwezera."

Palibe anaseka. Sajeni anang'amba envulopu, anatulutsa kaseti yakuda yolembedwa ndi bolopeni yofiira, n'kuipereka kwa mayi Scholastica.

"Sindikumvetsa," anatero a Walter. "Festus, iwe? Kaseti ya Paison? Chifukwa chiyani?"

"Ndikanatha kuiponya m'ngalande," anatero a Festus, maso ali pa tebulo. "Ndikanatha kuiponda. Sindinathe. Ndinangofuna kuti ndiyambe ndaimvera ndekha. Scholastica, chonde, osati pano."

Mayi Scholastica anaika kaseti m'wailesi, n'kudina batani.

Poyamba kunamveka kusokosera ngati mvula ya patali. Kenako m'kati mwa mvulayo munatuluka chipinda chonse: mabotolo akugundana, mpando ukukhululuzidwa, mtsikana akuseka kwambiri. A Walter anagwira pakamwa, poti kuseka kumeneko mwini wake anali atakhala pambali pawo, imvi zili mbuu. Ndiyeno pafupi kwambiri ndi kojambulira, mnyamata wina ananong'ona, mawu osalala, olongosoka:

"Lero ndi Loweruka. Amene akukwera pansanjayo ndi Paison Elliam, wa chaka chachitatu. Nyimboyi wapeka yekha. Mumvetsere bwino ndime yachiwiri."

A Walter anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana a Festus. Mawu amakalamba, koma mwini wake sasintha.

Gitala inayamba, ikugwedera pang'ono chifukwa cha ukalamba wa tepi, ngati ikuimbidwa pansi pa madzi. Kenako mawu a Paison, opepuka, osadziwa kanthu za Lachiwiri. Ankaimba za mlonda wa munda amene akunenepa pamene chimanga chikuwonda, ndipo m'kabala muja anthu ankaseka ndi kuwomba m'manja. Mayi Scholastica anatsinzina. Namasupuni ankadutsabe pamtsinje. Kwa mphindi zinayi palibe anapuma mokweza, ndipo Ophelia, amene ankakonda mfundo ikamasuka, anapeza kuti ulendo uno kumasukako sikukumukoma.

Batani linadumpha lokha.

"Ndinali mwana," anatero a Festus. Mawu aja anali atachita makwinya tsopano. "Anandiuza kuti ndikakana andichotsa sukulu, ndipo bambo anga awachotsa ntchito. Anati angomuchenjeza. Sindinadziwe kuti zikhala zaka. Pa dziko lonse amadziwa ndi akazi anga okha, ndi amene ndinawaimbira dzulo. Ndakhala nazo moyo wanga wonse, Scholastica. Sipanapite tsiku."

Mayi Scholastica sanawayang'ane. Ankayang'ana Hamza, amene anali atawerama pampando wake, akulowetsa chingwe m'mabowo a nsapato, bowo limodzi limodzi, manja otupa ndi udzudzu.

"Za ubwanazo ndamva," anatero amayiwo. "Koma dzulo sunali mwana. Unaona apolisi akumukweza uyu, iwe n'kupita kukagona pa matiresi. M'mawa unamwa tiyi."

Aka kanali koyamba m'zaka makumi asanu kuwatchula a Festus kuti iwe. Anatembenuka tsopano, n'kuwayang'ana m'maso.

"Paison anali woyamba, kapena ndikuganiza choncho. Uyu ndi wa dzulo. Iwe Festus, pakati pawo pali angati?"